Rauta Imene Anaitsekera m'Chipinda cha Atate

Mpaka lero, laputopu ikandilembera kuti yalumikizika ku waifai koma intaneti palibe, ndimapsa mtima koopsa. Anzanga a ku ofesi amandidziwa. Amangouzana kuti, "Zayamba, musamuyankhule," n'kundisiya ndikumenya tebulo. Iwo amati ndine wa mtima wapachala, ndipo sanama. Koma mkwiyo umenewu si wa makina ayi. Unayamba pa maliro a atate, ndipo sunathe.

Nyumba yathu ya ku Chelstone, mu Lusaka, ili pamalo otsika. Chimangireni munthu wina nyumba yosanja kuseri kwa mpanda wathu, netiweki ya foni inatithawa. M'nyumba foni imangokhala ngati sopo m'manja. Ukafuna kuyankhula ndi munthu umatuluka kumbuyo, kukaima pansi pa mtengo wa kotapela, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Pamenepo ndiye imagwira, nayonso mwa apo ndi apo.

Mng'ono wanga atapita kunja kukagwira ntchito yosamalira okalamba, atate anakana zomakaima pansi pa mtengo ngati mbuzi pofuna kumva mawu a mwana wawo. Anaitanitsa anthu a kampani ya intaneti. Anamanga kambale pa denga, waya n'kutsika, kulowa pa zenera la pabalaza, kukathera mu rauta, kabokosi kogawa waifai, imene inkakhala pamwamba pa divayida, kabati ya pabalaza, kuseri kwa chithunzi cha ukwati wawo. Lamlungu lililonse tikabwera ku tchalitchi ndinkaika laputopu yanga pa tebulo, mng'ono wanga n'kuoneka. Foni sinkathandiza ngakhale pa waifai, chifukwa maso a amayi anafooka ndi shuga, nkhope ya pafoni saiona. Pa laputopu ankaiona, mpaka kumudzudzula kuti waonda.

Rauta imeneyo atate ankaisamala kuposa nkhuku zawo. Lamulo linali limodzi, aliyense wolowa m'nyumba ankalidziwa: isazime. Magetsi atayamba kuvuta anaigulira kabatire kake, akuti mwina mwana angaimbe ife tili mu mdima.

Atate anatisiya atadwala nthawi yochepa. Mng'ono wanga sakanatha kubwera. Mapepala ake okhalira kumeneko anali asanatuluke, ndipo akanangokwera ndege sakanaloledwa kubwereranso, ntchito n'kuthera pomwepo. Amayi eni ake ndi amene anamuuza kuti akhale. Iye anapempha chinthu chimodzi chokha. Ku tchalitchi anatiuza kuti tsikulo kuli maliro ena pambuyo pathu, choncho kuona nkhope kuchitikire kunyumba, bokosi lisanapite ku mapemphero. Ndiye iye anati, "Asisi, akatsegula bokosi, mundiike pafupi. Ndiwaone atate, nditsanzikane nawo, amayi ali pomwepo."

Ndinamuyankha kuti asade nkhawa. Ndinayankha mosaganiza n'komwe, chifukwa chinali chinthu chimene tinkachita Lamlungu lililonse.

Tsiku limene atate anamwalira ndinalithera m'tauni, kuthamanga ndi mapepala a kuchipatala ndi a kumanda, kuchoka pa zenera ili kupita pa zenera ilo. Pamene ndinkabwerera, nyumba inali itasanduka ya maliro. Mipando yonse ya pabalaza anaitulutsa kukaika mu tenti ya azibambo panja. Tebulo, wailesi ya kanema, divayida, zonse zinachoka. Pansi anayala mphasa ndi matiresi, azimayi atakhala mwendo pa mwendo mpaka m'khonde. Amayi anawakhazika pakona, atafunda chitenje kumutu, azakhali ndi amayi a ku tchalitchi atawazinga. Wofedwa mwamuna sadzuka pamenepo kupatula popita kukadzithandiza, sakweza mawu, ndipo sapita kukaima pansi pa mtengo ndi foni.

Tsiku lomwelo anafika atate aakulu, mkulu wawo wa atate, kuchokera kumudzi ku Katete. Munthu amene pa matenda onse sanaimbeko foni kufunsa kuti mng'ono wake wagona bwanji. Anafika ndi jekete lalikulu ndi chipewa, n'kukhala pa mpando wa atate mu tenti, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chinkadutsa mwa iwo.

Masana a tsiku loti mawa tikuika, ndinati ndiyeseretu. Ndinakhala pa chidebe m'khitchini, laputopu pa miyendo. Inagwira waifai yathu nthawi yomweyo, timizere tonse todzaza. Ndinaimbira mng'ono wanga. Zii. Ndinatsegula tsamba lina, linakana. Pakona panali mawu aja akuti intaneti palibe.

Ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Chimodzimodzi. Ndinaiuza kuti iiwale waifaiyo, n'kulembanso mawu achinsinsi, amene atate anasankha okha ndipo ankawanyadira kuti palibe angawalote. Inalowa bwinobwino, koma intaneti ayi. Ndinadina paja pamene makina amati adzifufuza okha vuto. Kanthu kaja kanazungulira, kuzungulira, ine ndikusuntha miyendo kuti azimayi onyamula mapoto adutse, pomaliza n'kundiuza kuti ndipite pa intaneti ndikapeze thandizo. Ndinaitukwana laputopu ija pamaso pa amayi a ku tchalitchi, ndipo mmodzi anandiyang'ana n'kugwira kolona.

Kenaka anatulukira msuweni wanga wa ku Kabulonga, mwana wa azakhali, amene amayenda makiyi a galimoto ali pa chala kuti tisaiwale kuti ali nayo. "Leta nione," anatero, n'kundilanda osadikira yankho. Anatsegula kazenera kakuda n'kuyamba kulemba zinthu zimene iye yekha ankazidziwa, akugwedeza mutu ngati dokotala. Anasintha manambala ena, anazimitsa choteteza ku mavairasi, anayatsanso. Atalephera anati, "Iyi laputopu yako ni yakudala maningi, ifunika kutaya." Ndinamuuza kuti ayese foni yake yatsopanoyo. Inagwira waifai, intaneti osabwera. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anangoti, "Ni ba kampani aba, batumile," n'kubwerera ku tenti, atandisiyira laputopu yosokonezeka kuposa mmene anaipezera.

Ndinapita pansi pa kotapela kukaimbira a kampani. Anandiimbira nyimbo mpaka khutu kutentha. Atayankha, mtsikana wa mawu ofewa anandiuza kuti kumbali kwawo zonse zili bwino, ndiyese kuzimitsa laputopu n'kuyatsanso. Ndinamuuza kuti akandiuzanso zimenezo ndibwera konko. Anapepesa, n'kufunsa kuti, "Madamu, pa rauta payaka magetsi amtundu bwanji?"

Apa m'pamene ndinazindikira. Chichokereni divayida sindinaione rauta ija. Poti laputopu inkati yalumikizika, mutu wanga unangoti chinthucho chilipo penapake ndipo chikugwira ntchito.

Ndinalowa pabalaza ndikudumpha miyendo ya anthu, ndikupepesa uku ndi uku. Pa zenera, kuseri kwa katani, ndinapeza waya uja wochokera pa denga akulendewera, kumapeto kwake kulibe kanthu. Wina anali atayanikapo kathaulo ka mwana. Ndinatenga laputopu n'kuyamba kuyenda nayo m'nyumba ndikuyang'ana timizere. Ku khitchini tinali todzaza. Ku bafa tinachepa. M'khonde tinadzazanso, ndipo ndinakaima pa chitseko cha chipinda cha atate ndi amayi. Ndinagwira chogwirira. Chinali chokiya.

Amene anandipeza pamenepo ndi amayi oyandikana nafe, a Chibemba, amene takhala nawo mpanda umodzi kuyambira ndili mwana. Ife a kum'mawa ndi a Chibemba timachitirana chimbuya: pa maliro athu iwo ndi amene amaphika, kunyamula, kulamula, n'kumatinyoza kuti ndife odya mbewa, ndipo sitikwiya. Timawaitana kuti ba mbuya. Iwo ndi amene anatsogolera zochotsa katundu pabalaza.

"Ufuna chani apo, iwe mwana wa mbeba?"

"Ba mbuya, rauta ya atate ili kuti?"

"Kaja ka malaiti? Kali mukati. Batate bako bakulu banakamba ati vonse va malemu vingene mu chipinda, bakhome. Nthambo yake inali ifupi, ninachosa. Koma usade nkhawa, ninakaika ku malaiti mukati muja. Niziba batate bako sibanali kufuna kuti kazime."

Anayankhula monyadira, ndipo sindikanawakwiyira. Anasunga lamulo la atate mmene ankalidziwira. Rauta inali moyo, ikuitana laputopu yanga kuseri kwa chitseko, koma yosalumikizidwa ku kambale ka pa denga. Vuto lonse limene linandidyera masana linali waya mmodzi wofunika kulowetsa pa kabowo kake. Mtima unakhala pansi, ndipo ndinaseka. Ndinaganiza kuti kwatsala n'kungopempha makiyi.

Ndinapita ku tenti, ndinagwada pambali pa mpando monga mwa ulemu, n'kufotokoza pang'onopang'ono. Atate aakulu anamvetsera akuyang'ana kutsogolo.

"Mwana wanga," anatero, "chipinda chimenecho chatsekedwa. Katundu wa malemu satuluka mpaka titaika, abale titakhala pansi. Ngakhale singano."

"Atate, si katundu woti ndikutenga. Tingoitulutsa, tiike pa zenera, mawa tikatha tibwezere."

"Anagula ndani?"

"Atate."

"Basi, ndi katundu wa malemu."

Ndinati atsegule okha, ainyamule okha, akhale nayo pafupi, aitane mboni zimene akufuna. Ndinati ine sindilowa n'komwe, ndiima m'khonde manja kumbuyo. Anapukusa mutu. Anati iwo maliro a m'tauni amawadziwa, lero munthu apempha kawailesi, mawa upeza mapepala a nyumba asowa. Ananena zimenezi mokweza, azibambo a ku tchalitchi akumva, za ine, mwana wobadwira m'nyumba imeneyo, amene ndinkawasambitsa atate m'chipatala iwo ali ku Katete.

"Ndiye mng'ono wanga asawaone atate ake?"

"Mwana wofuna kuona atate ake amakwera ndege. Enafe tinakwera basi."

Ndinayang'ana msuweni wanga uja kuti andithandize, poti iye amadziwa chimene rauta ili. Anali akuyang'ana makiyi a galimoto yake. Azibambo ena onse anapeza choti ayang'ane pansi. Mmodzi yekha, wachikulire wa ku tchalitchi, anati mwina tingaione bwino nkhaniyi, koma atate aakulu anamufunsa ngati ali wa banja lino. Ndinadzuka osatsanzika, maondo ali fumbi.

Ndinayesa njira zonse. Waya sankafika ku chipinda, ndipo ngakhale akanafika, zenera lake lili ndi zitsulo ndipo linali lotseka mkati. Ndinasuzumira pa mpata wa katani n'kuiona rauta ili pa bedi, pamwamba pa masuti a atate, timagetsi take tikuphethira. Ndinabwereka kachipangizo ka intaneti ka m'thumba kwa mnzanga wa ku Woodlands, koma nako kamadalira netiweki ya foni, kanangofika pabalaza n'kufa. Ndinayesa kusiya foni pa mtengo kuti igawire laputopu, koma makoma a nyumba zakale za ku Chelstone ndi okhuthala, pofika pabalaza panalibe kanthu. Mng'ono wanga ankangolemba kuti, "Zatheka?" Ine n'kumayankha kuti tikukonza.

M'mawa wa tsiku loika ndinapitanso kwa atate aakulu. Ulendo uno sindinagwade. Anandiuza kuti ndilibe mwambo, ndipo n'chifukwa chake ana a m'tauni sakhalitsa pa banja. Makiyi ankaoneka m'thumba la jekete lawo, thumba litatupa.

Ba mbuya anamva zonse. Anapita kwawo n'kubwera ndi chitsulo chochotsera matayala, atachibisa m'chitenje. "Tiye," anatero. "Ine ndine mbuya, palibe anganigwile. Nizaphwanya chitseko, bakambe vamene bafuna." Ndinawakonda amayi amenewo tsiku limenelo kuposa abale anga onse. Tinadutsa pabalaza kulunjika m'khonde, ndipo tikudutsa, dzanja linandigwira mwendo. Anali amayi.

Anandikokera pansi mpaka khutu langa linafika pa chitenje chawo. Chikhalireni pakona paja ndinali ndisanawamve akuyankhula mawu opitirira awiri.

"Usaphwanye."

"Amayi, mwana wanu akudikira."

"Ndikudziwa. Ndine ndinamubala. Koma chitseko chimenecho chikathyoka, sadzanena kuti ndi mbuya, sadzanena kuti ndiwe. Adzati mkazi uja anaba katundu mwamuna wake asanaikidwe. Adzanena ku Katete, adzanena ku tchalitchi, mpaka tsiku limene mudzandiike ine. Ndilibe mphamvu ya zimenezo."

Ndinawakwiyira amayi, ndinene zoona. Ndinkafuna adzuke, ataye chitenjecho, akaime pamaso pa alamu awo n'kuwauza kuti m'chipindamo agonamo moyo wawo wonse ndipo safuna chilolezo cha munthu. Koma ndinaona mmene azakhali anatcherera khutu. Ba mbuya anaimirira pang'ono, kenaka anabwerera ndi chitsulo chawo ku khitchini.

Galimoto ya maliro inafika dzuwa litakwera. Analowetsa bokosi pabalaza, azimayi anayamba kulira, kwaya inayamba nyimbo. Ine ndinathamangira pansi pa kotapela n'kuimba pa foni. Mng'ono wanga anayankha nthawi yomweyo. Anali atapempha tchuthi ku ntchito, atavala zakuda, atamanga duku, atakhala pa bedi m'kachipinda kake yekhayekha.

"Asisi, ndikuona masamba."

"Dikira, ndikuyenda nawe. Usadule."

Ndinayenda pang'onopang'ono, foni nditaikweza m'mwamba ngati mbale yodzaza madzi. Ndinadutsa chingwe cha zovala. Ndinadutsa pa mpopi. Nditaponda pa khomo la khitchini, nkhope yake inauma, pakamwa pali potsegula, foni n'kudula. Ndinabwerera ku mtengo, kuimbanso, kuyendanso, ulendo uno kuzungulira mbali ya ku zenera la pabalaza. Inadukira pa ngodya ya nyumba. Ndinabwereranso. Anthu anali atayamba kale kuzungulira bokosi pa mzere, ndipo ine ndinali kuthamanga pakati pa mtengo ndi khoma ngati wamisala, nsapato imodzi itavuka.

Ndinalowa n'kupempha onyamula bokosi, amene anali a chimbuya, kuti potuluka adzere kumbuyo, aime pang'ono pansi pa mtengo. Anavomera. Atate aakulu anaimirira pa khomo n'kunena kuti maliro a munthu wamkulu satulukira ku khitchini ngati zinyalala, ndipo nthawi ya ku tchalitchi yakwana. Anakweza dzanja kuuza a bokosi kuti atseke.

Ndinawakankha anthu, ndinafika pa bokosi, ndinajambula chithunzi. Azakhali anadzuma kuti zimenezo n'zachilendo. Sindinawayang'ane. Ineyo atate sindinawaone bwino tsiku limenelo, ndinawaonera pa galasi la foni. Chivundikiro chinatsika.

Nditabwerera ku mtengo, foni inalira ndisanaimbe.

"Nyimbo yasintha," anatero mng'ono wanga. "Atseka, eti?"

"Atseka."

Sanalire pamene ndinkamumva. Anangoti, "Chabwino, asisi. Pitani, angakusiyeni." Ndinamutumizira chithunzi chija ndili pomwepo, chinatenga nthawi kuti chipite, ndipo ndinakwera basi ya kumanda ndili womaliza.

M'mawa mwake abale anakhala pansi pabalaza kuti akambe za katundu. Atate aakulu anatulutsa makiyi mwaulemu wonse, anatsegula chipinda, anyamata n'kuyamba kutulutsa zinthu kuunjika pakati: masuti, nsapato, wailesi, njinga yakale, makasu. Palibe chinasowa, ndipo iwo ananena zimenezo monyadira, kuti taonani ubwino wa dongosolo. Rauta inatuluka ili pamwamba pa mulu wa malaya, ikuyakabe ndi kabatire kake.

Sindinapemphe. Ndinadzuka pakati pa mawu awo, ndinaitenga, ndinapita pa zenera, ndinachotsa kathaulo kaja, n'kulowetsa waya pa kabowo kake. Kanangoti tha. Kagetsi kofiira kanasanduka kobiriwira. Ntchito yonse inatha msanga kuposa kumanga duku.

Laputopu inali pa mphasa pafupi ndi amayi, yotsegula. Inayamba kulira. Zonse zimene mng'ono wanga anatumiza ndi kuimba zinayamba kulowa motsatizana, kulira pamwamba pa kulira, mpaka atate aakulu anasiya kuyankhula. Ndinakweza mawu ake mpaka kumapeto. Kenaka ndinawerenga mokweza, uthenga uliwonse, ndikuwayang'ana iwo. "Asisi zatheka? Ndavala kale. Afika? Muwauze adikire pang'ono. Chonde asatseke. Asisi yankhani. Muwauze atate kuti ndinafuna kubwera."

Azakhali anaphimba nkhope. Msuweni wanga anatuluka ngati waitanidwa. Ndinkadikira kuti atate aakulu anene kanthu, ngakhale liwu limodzi lopepesa, ndipo mwina ndikanalilandira. Anakonza kukhosi n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni, koma zinthu zili ndi dongosolo lake, ndipo mwanayo adzamvetsa akadzakula. Mwana wake uti, munthu wa zaka zake amene amasambitsa makolo a anthu ena kuti atumize mankhwala a atate kuno.

Nkhani ya katundu inapitirira. Masuti anapita, njinga inapita. Rauta palibe anaifuna, poti ku Katete ilibe ntchito popanda kambale. Atatha zonse, anthu akumwa tiyi, atate aakulu anandikodola. Anatulutsa foni m'thumba lomwe lija munali makiyi.

"Mwana wanga, akuti tsopano yayamba kugwira. Tandiikira nanenso, nditumize zithunzi za kumanda kwa anthu kumudzi. Kuja kumtengo kuli dzuwa."

Ndinawayang'ana. Sankaseka, sankandiyesa. Ankangofuna waifai.

"Mawu achinsinsi anaika ndi atate," ndinatero. "Kawafunseni."

Azakhali anati ndapitirira malire, ndipo nkhani imeneyo inafika ku Katete ine ndisanatsuke makapu. Mpaka pano kumeneko ndimadziwika kuti mwana wamwano uja wa ku Lusaka. Sindinapepese ndipo sindidzapepesa.

Anthu atachepa, amayi anandiuza kuti ndiwaikire laputopu pa miyendo. Ndinaimba. Mng'ono wanga anaoneka bwinobwino, chithunzi choyera ngati Lamlungu lililonse, ali ndi duku lomwe lija. Anayang'anana ndi amayi. Amayi anagwira galasi ndi zala, pa tsaya lake. Kenaka iye anafunsa.

"Amayi, anavala tayi iti?"

Amayi anatembenukira kwa ine. Anakhala pafupi ndi bokosi nthawi yonse ija, koma ndi maso awo aja tayi sanaione.

"Yabuluu," ndinatero. "Imene unawatumizira. Ili pa chithunzi chija."

"Sindinatsegule, asisi. Ndinkafuna kuwaona ndili nanu."

Mapepala ake anatuluka patapita nthawi, ndipo anabwera, tinapita naye kumanda. Tili m'minibasi pobwerera anandibwereka foni yake kuti ndiimbire amayi, ndipo ndinaona pa mauthenga athu chithunzi chija chili pomwe ndinachisiya, chosaoneka bwino, kamuvi kotsitsira kali pakati. Sanachifufute, ndipo sanachitsegule.